Mipira ya Pulu Yosanama

Madzulo ena a mwezi wa Okutobala ndinaima pakhonde la sitolo ina ya zakumwa m'mbali mwa msewu wa M1, kudikira minibasi. Pakhondepo panali tebulo la pulu, ndipo anyamata awiri anali atafika kumapeto kwa gemu. Panatsala mpira wakuda wokha, utaima chapatali pang'ono ndi dzenje la pakona. Amene inali nthawi yake anapaka choko pandodo, nawerama, nakankha mofatsa ngati munthu woti masewerawa anayamba kale. Woyera unayenda bwinobwino n'kukhudza wakuda pamalo pake. Wakudawo unauyatsa molunjika, koma utatsala pang'ono kufika, liwiro litachepa, unayamba kudzandira, n'kupatukira kumanzere, n'kukaima pakamwa pa dzenje.

"Aaa, madala, tebulo lanuli n'lopendama!" anadandaula mnyamatayo.

Mwini malowo, bambo wa imvi zake, anayankha ali pampando: "Tebulo lilibe mlandu, mwana wanga. Dzulo lomweli taika levulo. Dzanja lako ndilo lanjenjemera."

Gemu itatha, ena ataponya tokeni, ndinapempha kuti ndiuone kaye mpirawo. Unali ndi kabala ngati njere ya mapira pomwe unagumuka utagwera pasimenti, ndipo nambala 8 inali itafufutika theka. Nditaugubuduza pang'onopang'ono pansalu, unadzandiranso. Tebulo linali bwino, dzanja la mnyamata uja linalinso bwino. Unanama ndi mpira.

Anthu ambiri pogula tebulo amayang'ana matabwa, nsalu ndi makina a tokeni. Ndodo amazisankha mosamala, mpaka kuzigubuduza patebulo kuti aone ngati n'zowongoka. Mipira amangolandira imene yabwera m'bokosi, akuti mpira ndi mpira. Chonsecho gemu yonse imachitikira pamipirapo. Ndodo imangokhudza woyera kamphindi, zotsala zonse ndi nkhani ya mipira kuuzana kolowera. Ubwino wa seti wagona pa kufanana: mipira yake ikhale yobulungira ndendende, yolemera mofanana, yokula mofanana, ndipo ikhalebe choncho patapita chaka ikugundana usana ndi usiku. Kuwala ndi kukongola kwa mitundu kumabwera pambuyo.

Musanafike pa ubwinowo, pali funso limene limagwetsa anthu ambiri: tebulo lanu linapangidwira mipira yaikulu bwanji? Pulu si wamtundu umodzi. Wa ku America amaseweredwa ndi mipira ya mainchesi awiri ndi kota, omwe ndi mamilimita 57.15. Wa ku Britain, uja wa m'mabala, mipira yake ndi ya mainchesi awiri, mamilimita 50.8, ndipo woyera wake ndi wocheperako, mamilimita 47.6. Matebulo a tokeni amene timawaona m'mabala ndi m'makonde a m'matauni mwathu ambiri ndi a mtundu wachiwiriwu, kaya mipira yake ndi yofiira ndi yachikasu, kaya ndi ya manambala. Palinso mipira ya snuka ya mamilimita 52.5, imene pamaso imaoneka ngati yofanana ndi ya mainchesi awiri pomwe ndi yokulirapo.

Kuchepa kwa woyera patebulo la tokeni kuli ndi chifukwa chake. M'mimba mwa tebulo muli kanjira kopapatiza komwe woyera yekha ndiye amakwanamo, ndiye akagwa m'dzenje amatulukira kumutu kwa tebulo, anzake n'kukatsekeredwa kudikira tokeni ina. Mukaika woyera wofanana ndi anzake, akagwa ndiye kuti wapita, gemu yaima. Matebulo ena a ndalama a ku America amachita mosiyana: woyera wake amakhala wokulirapo, kapena amakhala ndi chitsulo mkati kuti maginito amukokere kunjira yake. Choncho ngati mwapempha mbale wanu wa ku Johannesburg, ku Leeds kapena ku Texas kuti akutumizireni seti, musangomuuza kuti "mipira ya pulu yabwino". Muuzeni mamilimita. Seti ya ku America imalemera pafupifupi makilogalamu 2.7, ndipo n'zowawa kulipira katundu wotere pandege kuti adzavute kulowa m'mayenje.

Vuto si mayenje okha. Mphira za m'mbali mwa tebulo zimakwezedwa potengera kukula kwa mpira. Malamulo a bungwe la World Pool-Billiard Association amati nsonga ya mphira ikhale pamsinkhu wa maperesenti 63.5 a kukula kwa mpira, ndiye kuti pamwamba pang'ono pa pakati pake. Mpira wokula kuposa muyeso wa tebulo umagunda mphira n'kudumpha, nthawi zina mpaka kutuluka. Wocheperapo umapanikizika pansi pa mphira n'kubwerera mofooka. Mwini tebulo amayamba kunena kuti mphira zafa pomwe anangosokoneza muyeso.

Tsopano kufanana kuja. Bungwe lomwelo limati mpira wa mamilimita 57.15 usasiyane ndi muyesowo kuposa mamilimita 0.127, omwe ndi ngati makulidwe a pepala limodzi la m'kope. Kulemera kwake kukhale pakati pa magalamu 156 ndi 170. Mu snuka lamulo limati wolemera kwambiri ndi wopepuka kwambiri mu seti imodzi asasiyane kuposa magalamu 3. Munthu angafunse kuti magalamu atatu ndi chiyani, poti ngakhale supuni ya shuga imaposa pamenepo. Yankho lili patebulo. Tengani mipira iwiri yolemera mofanana, mumenye woyera pansi pang'ono pa pakati pake kuti afike akutsetsereka, agunde mnzake pamphumi penipeni. Woyera amaima nji pomwe wagundirapo, mphamvu yonse n'kupita mwa mnzakeyo. Akakhala wolemerapo amapitirira kutsogolo, akakhala wopepuka amabwerera m'mbuyo. Akagunda chambali akutsetsereka choncho, mipira iwiriyo imasiyana ngati ngodya ya nyumba, madigiri 90. Luso lonse loika woyera pamalo abwino omenyera mpira wotsatira lamangidwa pa zinthu ziwirizi. Wosewera patebulo la tokeni amazolowera woyera wake wopepuka, amene amachepa kulemera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo zimenezo zilibe vuto chifukwa kusiyanako n'komweko pa mpira uliwonse. Chopweteka ndi seti imene nambala 3 ndi yolemera, nambala 11 ndi yopepuka, wakuda ali ndi msinkhu wakewake. Pamenepo mwana amene akuphunzira sangadziwe ngati walakwitsa ndi iye kapena ayi, ndipo amakula ndi dzanja losadzikhulupirira.

Palinso kufanana kwa mkati, kumene maso saona. Mpira ukhoza kukhala wobulungira bwino kunja koma mbali imodzi n'kukhala yothinana kuposa inzake, mwina chifukwa cha timphepo totsalira mkati poumba, kapena zosakaniza zimene zinadikha mbali imodzi. Wotere pa liwiro umayenda mowongoka, koma ukamatsala pang'ono kuima umagwera kumbali yolemera. N'chifukwa chake mipira yoipa imaonekera pa kumenya kofatsa, kuja kofuna luso, osati pa kumenya kwa ukali.

Nkhani ya chimene mpira umapangidwa nacho ndi yakale, ndipo ife a kuno tilimo. Kwa zaka mazana angapo mipira yabwino ya masewera a patebulo ku Ulaya inkasemedwa kuchokera ku minyanga ya njovu. Amisiri ankakonda minyanga yaing'ono yowongoka ya njovu zazikazi, ndipo ankadula mwakuti mtsempha wa pakati pa mnyanga udutse pakatikati pa mpira kuti usalemere mbali imodzi. Mnyanga umodzi sunkatulutsa mipira yoposa 8. Minyanga yambiri ya m'zaka za m'ma 1800 inkachokera kum'mawa ndi pakati pa Africa. Ku Nkhotakota, a Jumbe ankasonkhanitsa minyanga ndi akapolo, kuwolotsa nyanja pa zombo, kenako ulendo wa pansi mpaka ku Kilwa, n'kuwolokera ku Zanzibar, komwe minyanga inkakwera sitima kupita ku Bombay, ku London ndi ku America kukasanduka zipeso, makiyi a piyano ndi mipira. Ndikagwira mpira wa pulu sindilephera kuganiza kuti kulira kuja "kha!" kumene kunkasangalatsa mabwana m'makalabu a ku London kunali ndi mtengo wake, ndipo anaulipira ndi njovu ndi mapewa a makolo a kuno.

Mnyangawo sunalinso wangwiro. Unkayenera kuumitsidwa kwa miyezi yambiri usanasemedwe komaliza, unkafufuma ndi chinyezi, unkang'aluka ndi kuzizira, ndipo pakapita nthawi mpira unkayamba kuoneka ngati dzira n'kufunika kusemedwanso. Masewera atafala ku America minyanga inayamba kusowa ndi kukwera mtengo, mwakuti m'zaka za m'ma 1860 kampani ya Phelan and Collender ya ku New York inalonjeza madola 10,000 kwa amene angapeze cholowa m'malo mwake. John Wesley Hyatt, yemwe ankagwira ntchito yosindikiza ku Albany, analimbana nayo nkhaniyi mpaka anatulukira celluloid, imodzi mwa mapulasitiki oyambirira padziko lapansi. Mipira yake yoyamba inali ndi khungu losachedwa kuyaka, ndipo iye mwini anadzasimba za mwini bala wina wa ku Colorado amene anamulembera kalata kuti mipira ikagundana mwamphamvu inkaphulika pang'ono, anthu n'kusolola mfuti. Yankho lenileni linabwera mu 1907 pamene Leo Baekeland, mbadwa ya ku Belgium yokhala ku America, anaphatikiza phenol ndi formaldehyde n'kupanga Bakelite. Utomoni wa phenolic umene mipira yabwino ya lero imapangidwa nawo ndi wa banja lomwelo. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989, koma pofika nthawiyo patebulo la pulu njovu inali itapumula kale.

Lero m'sitolo mupeza mitundu iwiri ikuluikulu: ya phenolic ndi ya polyester. Ya phenolic amaiumba kuchokera ku utomoni wamadzimadzi, n'kuiwotcha pang'onopang'ono kwa masiku mpaka itauma gwa kuyambira pakhungu mpaka pakati, kenako kuipala ndi kuisalaza. Ikauma choncho siisungunukanso. Ya polyester imapangidwa mwachangu ndi zipangizo zotsika mtengo, ndipo ikakhala yatsopano imawala kwambiri, nthawi zina kuposa inzake ija. Kusiyana kumaoneka pakatha miyezi. Khungu la polyester ndi lofewerapo: limakalika, limachita mbuu, limagumuka, ndipo timikwingwirima take timasunga choko ndi fumbi.

Apa ndi pamene mwini tebulo la bizinesi ayenera kutchera khutu, chifukwa nkhani imachoka pamipira n'kufika pansalu. Woyera akamenyedwa mwamphamvu, makamaka pomwaza mipira poyamba gemu, sayamba ndi kugubuduzika. Amayamba watsetsereka, ndipo pamene akukhuzana ndi nsalu pamatentha. Kampani ya Saluc, yopanga mipira ya pulu, imanena kuti kutenthako kumafika madigiri 250. Timadontho toyera timene mumationa kumutu kwa tebulo, ndi mizere yoyera yolunjika pomwe amaikira thirayango, ndi zipsera za moto umenewo. Mpira wosalimba pa kutentha umasiya zipsera zambiri, ndipo ukakalika umasanduka sandipepa woyenda, kumadya ubweya wa nsalu gemu iliyonse. Kusintha nsalu ndi ntchito yaikulu: kugula nsaluyo, kuitana mmisiri, kunyamula mwala wa tebulo, ndi tsiku lathunthu lopanda tokeni. Amene wagula seti yotchipa kuti apulumutse ndalama amadzazipereka kwa mmisiri wa nsalu, n'kugulanso seti ina pamwamba pake. Tsoka silinunkha, koma ili ndi tsoka loti munthu akhoza kuliona likubwera.

Sindikunena kuti polyester alibe malo. Tebulo la pakhomo limene ana amasewerapo Loweruka ndi Lamlungu lokha likhoza kukhala zaka ndi seti ya polyester yopangidwa bwino, ndipo palibe chifukwa chodzipanikiza. Koma tebulo limene limayamba kulira m'mawa mpaka pakati pa usiku, kapena la kalabu imene anyamata ake akufuna kukapikisana kwina, lifunika phenolic. Malamulo a mipikisano ya World Pool-Billiard Association amatchula phenolic mwachindunji, ndiye wophunzirira pa mipira ina akafika kumpikisano amapeza mipira ikuyenda mwachilendo.

Dzina limene mudzalimva kwambiri ndi Aramith. Mipira imeneyi imapangidwa ndi kampani ya Saluc ija, m'mudzi wa Callenelle ku Belgium. Kampaniyi inayamba mu 1923 ikupanga mankhwala ofufutira zikopa, n'kudzalowa m'mipira pambuyo pake, ndipo imanena kuti mpira umodzi umadutsa magawo 13 a ntchito otenga masiku ofika 23. Maseti ake ali m'magulu: Premier, Premium, Super Aramith Pro ndi Tournament, mtengo ukukwera motsatana choncho. Onsewa ndi a phenolic. Chimene mumalipirira mukamakwera ndi utomoni wosalala kwambiri ndi kusankhidwa mosamalitsa kuti mipira ya m'bokosi limodzi ifanane kwambiri. Aliponso ena opanga mipira ya mipikisano, monga Dynaspheres ndi Cyclop, mwakuti dzina limodzi si ndilo lokha. Maganizo anga ndi akuti tebulo la pabala kapena pakhonde lisapitirire gulu loyambirira la phenolic. Kusiyana kwa Premier ndi Tournament amakumva ndi katswiri pansalu yatsopano, m'chipinda chopanda fumbi. Pakhonde la m'mbali mwa msewu, mphepo ya chilimwe imakufafaniza tsiku limodzi. Ndalama yotsalayo ndi bwino kugulira woyera wapadera ndi bulashi ya nsalu.

Dzina likatchuka, akuba nalo sachedwa. Bokosi likhoza kulembedwa chilichonse, ngakhale mawu akuti Belgium. Seti imene ikutchedwa ya phenolic koma mtengo wake ukufanana ndi wa polyester ikayikireni. Ndipo poti bokosi silodalirika, yesani mipira yeniyeniyo. Wogulitsa amene akukana kuti mutsegule bokosi wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Yambani ndi woyera. Wa phenolic sakhala woyera mbee ngati laimu. Amakhala wotuwirako ngati mkaka wa ng'ombe kapena mnyanga, ndipo akamakalamba amanka nachita chikasu, makamaka akamaombedwa ndi dzuwa. Anthu ena amataya mipira yabwino poganiza kuti chikasucho ndi kutha, pomwe ndi chibadwa cha utomoniwo ndipo sichisintha mayendedwe ake. Woyera wonyezimira ngati mbale yadothi yatsopano kawirikawiri ndi polyester.

Kenako tengani wa mzere, nambala 9 kapena 14, muyendetse chikhadabo podutsa malire a mtundu ndi poyera, ndi pamwamba pa nambala. Pa mpira wabwino chikhadabo chimangodutsa osamva kanthu, chifukwa mzere ndi nambala si penti. Ndi utomoni wa mtundu wina woumbidwira m'thupi la mpira, wolowa mkati, ndipo mpira ungaperepeseke bwanji nambala siichoka. Mukamva kampanda kapena kakhwawa, pamenepo ndi pomwe choko chidzadikha ndi pomwe mng'alu udzayambire. Nambala yofufutika ngati ya wakuda wa pakhonde uja ndi umboni woti inangodindidwa pamwamba. Onaninso mitundu: 1 ndi 9 achikasu chofanana, 2 ndi 10 abuluu ofanana, 3 ndi 11 ofiira ofanana, mpaka 7 ndi 15. Wopanga amene walephera kufananitsa mtundu umene maso akuona, musamukhulupirire pa kulemera kumene maso saona.

Sikelo ndiye mboni yosakondera. Kasikelo kamagetsi ka kukhitchini, kaja koyezera ufa wa makeke, n'kokwanira. Ine ndinayezapo seti ina yatsopano pakauntala, mwini sitolo akundiyang'ana modabwa. Ndinkaika mpira umodziumodzi pakachivindikiro ka botolo kuti usagubuduzike, n'kulemba nambala kuseri kwa lisiti. Titafika pakati iye mwini anatenga cholembera n'kuyamba kulemba, ndipo titamaliza anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Achimwene, ine ndimangoona ngati yonse ndi chimodzimodzi," anatero. Wolemera ndi wopepuka anali atatalikirana kwambiri, ngati si a bokosi limodzi. Muyezo wa snuka uja wa magalamu 3 ndi poyambira pabwino: seti yatsopano imene yapitirira pamenepo ibwezeni. Ngati muli ndi mnzanu makanika, bwerekani kachipangizo koyezera makulidwe a zitsulo, kaja amati vernier, muyeze mpira uliwonse mbali zitatu zosiyana. Manambala akamasinthasintha pa mpira umodzi, ndiye kuti si wobulungira.

Popanda zida zonsezi, thirayango imanena zoona. Ikani mipira 15, muikankhire kutsogolo ndi zala, muyang'ane mipata. Seti yabwino imagwirana yonse, uliwonse kukhudza anzake, ndipo mukachotsa thirayango pansalu yabwino imakhala duu. Ikakhala yosiyana kukula pamatsala timipata, ndipo pomwaza mphamvu imafera m'timipatamo, mipira n'kungosuntha pang'ono ngati nkhuku zonyowa. Pomaliza gubuduzani umodziumodzi pang'onopang'ono kuchoka kumutu kwa tebulo mpaka kumapeto, pamzere umodzimodzi. Yonse ikakhotera mbali imodzi, vuto ndi tebulo. Ikakhota iwiri yokha, kapena uliwonse kwake, vuto ndi mipira. Mkangano wa pakhonde uja ukanatha ndi kuyesa kumeneku, kosatenga ngakhale mphindi zisanu. Khutu nalo limathandiza mukazolowera: ya phenolic ikagundana imalira mowuma ndi mwachidule, pomwe yofewa imalira mogonthera.

Woyera afunika mawu akeake chifukwa ndiye amavutika kuposa onse. Nambala 6 ikhoza kugundidwa kangapo pagemu, koma woyera amamenyedwa ndi ndodo nthawi iliyonse, amagunda anzake, amatsetsereka pansalu, ndipo ndiye amene amadumpha kawirikawiri kukagwa pansi. Amaperepeseka msanga, kuchepa ndi kupepuka anzake akadali bwino. Pogula seti gulanitu woyera wachiwiri wa mtundu womwewo ndi muyeso womwewo. Alipo wa madontho ofiira 6, amene amaoneka m'mipikisano ya pa TV. Madonthowo amaonetsa mmene mpira ukuzungulirira, ndipo kwa wophunzira ndi mphunzitsi wabwino: ukamenya pambali mosafuna, madontho amakuulula pompo. Alipo a muyeso wa ku America ndi a mamilimita 47.6 omwe.

Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi kusakaniza maseti. Nambala 5 ikasowa, mwini tebulo amatola ina kwa mnzake kapena m'kabati ya mipira yakale, bola nambala yafanana. Pakatha zaka ziwiri patebulo pamakhala mipira ya mafuko anayi, ina yatsopano, ina yokalamba, ina ya phenolic, ina ya polyester. Yolimba imadya yofewa, ndipo palibe iwiri yoyenda mofanana. Opanga odziwika amagulitsa mpira umodziumodzi, ndipo ichi ndi chifukwa china chogulira seti ya dzina: wosowa amapezeka m'bale wake weniweni. Komabe seti ikakalamba kwambiri, watsopano amakhala wamkulu pakati pa anzake operepeseka, ndiye pamenepo ndi bwino kusintha yonse.

Mipira ya zithunzi, ya mbendera, yowala mumdima kapena yooneka ngati mwala wa mabo ndi yokongoletsera pashelefu. Yambiri ndi ya polyester, ndipo imasokoneza maso poloza.

Seti yabwino ikafika, adani ake kuno ndi atatu: fumbi, dzuwa ndi simenti. Fumbi ndi choko zikamatirira pampira, mipira iwiri ikakhudzana pamalo akudawo imagwirana kamphindi m'malo moterereka, ndipo womenyedwayo amapatuka panjira yake. Osewera amadziwa kulira kwake kogonthera ndi kadumphidwe kake, ndipo kawirikawiri amati ndi tsoka. Mankhwala ake ndi kansalu kofewa kouma madzulo aliwonse, ndi kutsuka apo ndi apo m'madzi ofunda ndi sopo wofewa pang'ono, n'kupukuta mpaka iume. Jiki, ufa wokwechera mapoto ndi waya wotsukira ziwiya zisayandikire, chifukwa zimapha khungu la mpira ndipo silibwereranso. Polishi wa pansi kapena mafuta odzola amawalitsa, koma mpira umaterera mopitirira, nsalu n'kuda ndi mafutawo. Malamulo a mipikisano amakaniza kupaka phula pamipira pa chifukwa chomwecho. Alipo mankhwala opangidwira mipira ya phenolic, ndipo kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Kupukuta mipira popanda kusesa nsalu ndi kutunga madzi ndi dengu, choncho bulashi iyende tsiku lililonse, kulowera mbali imodzi, ndipo tebulo livindikiridwe usiku.

Dzuwa limafulumizitsa chikasu ndi kuzilalitsa mitundu, ndiye tebulo la pakhonde likhale pomwe dzuwa la masana silifika, ndipo mipira isagone panja. Simenti ndiye woopsa kuposa onse. Phenolic ndi wolimba pogundana ndi mnzake, koma kugwa kuchoka patebulo kukafika pasimenti yokhakhala, kapena pamiyala ya pabwalo, kumamusiyira bala ngakhale ali wa mtengo wotani. Mpira wogumuka uchotsedwe tsiku lomwelo, chifukwa m'mphepete mwa balalo ndi mwakuthwa ndipo mumadula nsalu. Njira yotchipa ndi kuyala kapeti yakale, mphasa zochindikala kapena malamba akale a mphira kuzungulira tebulo, makamaka kumapeto komwe woyera amakonda kudumphira pomwaza. Kumeneko kukakhala khoma la njerwa pafupi, likhomereni thabwa kapena chidutswa cha kapeti m'munsi, pamsinkhu wa tebulo kutsika pansi.